Mtsinje ukasefukira, golide amapita kuti? Yankho kwa anzathu ofunsa za kumadzi

 Ma admin mutikhululukire, lero sitikamba za mtengo wa rand kapena mzere wa pa boda, ngakhale nkhaniyi ikukhudza mpamba womwewo.

Chaka chilichonse mvula ikafika pachimake, misewu n'kuyamba kuduka, m'gulu muno mumalowa zithunzi za mtundu umodzi: mchenga wonyezimira padzanja, kapena kabotolo ka mankhwala muli tinthu tachikasu, pansi pake funso loti, "Abale, ameneyu ndi golide? Akuti madzi abwera naye." Mafoni athu nawo sapuma, chifukwa ena mukudziwa kuti tilipo kagulu ka anthu asanu, tonse a njira ya Mwanza, Tete mpaka Nyamapanda, amene tinazolowera kutsuka mchenga kumtsinje tikakhala kuti sitili paulendo. Si ntchito yathu ayi. Ana athu amadya za mabelo, zitenje ndi golosale. Zakumtsinjezi zili ngati mmene ena amakondera mbedza kapena bawo. Mmodzi wa ife anakwatira ku Neno, alamu ake ali m'kagulu ka okumba kokhala ndi mapepala, ndiye chilimwe chikafika timakakhala nawo masiku awiri kapena atatu pa kamtsinje kena kothira mu Lisungwi, beseni m'manja. Tatero kwa zaka pafupifupi khumi. Ndiye tati m'malo moyankha mmodzimmodzi, tiyankhe pano kamodzi.

Mawu oti "madzi abwera ndi golide" ali ndi choona pang'ono, ndipo kachoona kameneko ndi kamene kamapweteketsa anthu. Tiyambe ndi kulemera kwake. Botolo la lita imodzi mukalidzaza madzi limalemera kilo imodzi. Mwala wamba wa msinkhu womwewo sufika makilo atatu. Golide wodzaza botolo limenelo angalemere makilo 19. Ndiye taganizani: madzi a masiku onse, amene amayi amachapiramo, amakankha mchenga ndi matope, koma golide samusuntha. Amakhala pansi, n'kumalowerera pang'onopang'ono mpaka atafika pa thanthwe kapena pa dongo lolimba, n'kubisala m'ming'alu. Amasuntha pokhapokha madzi akakhala ndi mphamvu yonyamula pansi ponse pa mtsinje, pamene usiku mumamva miyala ikugundana m'madzi ngati ng'oma. Pamenepo chilichonse chimanyamuka. Madzi akayamba kuchepa mphamvu, cholemera ndicho chimayamba kugwa, chopepuka n'kupitirira.

N'chifukwa chake golide sapezeka paliponse pamene madzi anadutsa. Amagwa pamene madzi amafooka mwadzidzidzi: mkati mwa khona pamene mtsinje wakhota, kuseri kwa chimwala chachikulu, pamene mtsinje wachoka pothina n'kufika potambalala, ndiponso m'ming'alu ya thanthwe yopingasa madzi. Mnzake woyenda naye ndi mchenga wakuda, wolemera, umene umamatirira ku maginito. Mukaona mchenga wakuda wambiri pamodzi ndi nsangalabwi zikuluzikulu zothinana, pamenepo mpoyenera kuyesa. Mchenga woyera wofewa, wooneka bwino pa chithunzi uja, nthawi zambiri mulibe kanthu.

Ulipo ndithu golide amene chigumula chimasiya pamwamba. Ndi wosalala ngati ufa, timamba tating'ono kwambiri totsalira m'mizu ya udzu ndi bango kapena pamwamba pa mulu wa timiyala. Ndi ameneyu amene amayambitsa mphekesera. Munthu amatsuka beseni limodzi, n'kuona timadontho khumi tikuwala pansi, mtima n'kukwera. Koma muike pa sikelo muone. Timadontho timeneto tingakwane mazana osafika ngakhale poyinti imodzi, ndipo poyinti, kwa amene simukudziwa, ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a gramu. Komanso ali pamwamba pokha. Mukakumba kupitirira chikhatho, watha.

Chimene anthu sakamba n'chakuti madzi omwewo amakwiriranso. Pa kamtsinje kathu kaja panali malo amene tinkawadziwa ngati khonde la nyumba yathu: thanthwe lopendekeka, ming'alu itatu, chaka chilichonse tinkakanda m'menemo ndi supuni ndi kawaya n'kupezamo kanthu. Namondwe Ana atadutsa mu Januwale 2022, tinapitako chilimwe chake n'kulephera ngakhale kuloza pamene thanthwelo linali. Mchenga unali utaunjikana kufika m'chifuwa, mtsinje utasamukira tsidya lina, ukuyenda pamene kale panali dimba la munthu. Alamu aja anangoti, "Kale agogo ankati mtsinje unkadutsa kumeneko." Madzi saiwala khwawa. Chaka chotsatira Freddy anabwera mu Malichi, n'kukokolola mchenga wina, n'kuvundukula thanthwe lina kumunsi limene ngakhale eni mudzi anali asanalionepo. Amene anapindula ndi thanthwe latsopanolo ndi anthu okhala pompo, amene ankadutsapo tsiku ndi tsiku madzi akuphwa. Ife tinafika mu Julayi ming'alu itakandidwa kale mpaka kuyera. Ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira: iwo ndi amene dimba lawo linapita.

Mfundo yake kwa ife a paulendo ndi iyi. Chigumula chimafufuta zonse zimene munkadziwa za mtsinje umenewo. Pamene munkawoloka madzi akulekeza m'mawondo mwina tsopano pali dziwe. Pamene panali pouma mwina ndi dzenje la okumba lodzaza matope, pamwamba pataphimba kamchenga kooneka kolimba, ukapondapo umalowa mpaka m'chiuno. Ndipo ngati zili choncho pa mtsinje umene tauyendera zaka khumi, nanga pa mtsinje wa eni ake umene mwangouona pawindo la thiraki?

Tikutero chifukwa mafunso ambiri amachokera kwa amene mwaima panjira. Tonse tikukumbukira mmene msewu wa Beira unadukira cha ku Nhamatanda nthawi ya Idai mu Malichi 2019, ndi mmene mlatho wa pa Revubue, pakati pa Tete ndi Moatize, unadukira nthawi ya Ana. Munthu ukakhala masiku anayi pamalo amodzi, ndalama ya chakudya ikutha, katundu sakuyenda, bwana akuimba foni, mutu umayamba kufuna njira zachidule. Ndiye pafupi pomwepo pali mtsinje, ndipo anyamata akumeneko akukuuza kuti golide ali mbwee. Njira zathuzi zimadutsadi m'dziko la golide, zimenezo n'zoona. Luenha amene timawoloka ku Changara, Mazowe amene amathira mwa iye, Revue wa ku Manica, mtsinje wa Mutare cha ku Penhalonga, yonseyi anthu akhala akutsukamo golide kuyambira kalekale Apwitikizi asanafike. Koma makolo a kumeneko ntchito yolowa m'maenje ankaigwira chilimwe, atakolola, madzi atatsika. Ankadziwa chimene ankachita.

Luenha ndi chitsanzo chabwino. Ku Changara kumatentha, kumwamba kumatha kukhala koyera, dzuwa likuswa mtengo, koma madzi a mtsinjewo amachokera kutali ku Zimbabwe, kumene amautcha Rwenya, ndipo ena amatsika m'mapiri a Nyanga kumene mvula imagwa yambiri. Mvula imene inagwa usiku kumeneko imakupezani masana muli pakati pa mchenga, inu osaona mtambo ngakhale umodzi. Zizindikiro zilipo koma zimapereka nthawi yochepa: madzi kusintha mtundu n'kuyamba kufiira, timitengo ndi thovu kuyamba kuyandama, kamphepo kozizira kochokera kumtunda, ndi mkokomo wonga wa thiraki yakutali. Mukaona chimodzi mwa zimenezi, siyani beseni, siyani fosholo, thamangirani kumtunda kwa gombe limene lili pafupi, osati limene kuli galimoto. Eni dera amaika mwana kapena mkulu pamalo okwera kuti aziyang'ana kumtunda. Mlendo amangowerama, maso ali m'beseni.

Koma chimene chimapha anthu ambiri pa ntchito imeneyi nthawi ya dzinja ndi dothi. Golide wabwino amakhala pansi pa gombe, pamene miyala yakale inagona pa thanthwe, ndiye anthu amafukula chopingasa kulowa pansi pa gombelo ngati mbewa. Chilimwe dothi limakhala louma, limagwirana. Likamwa madzi milungu iwiri limalemera, n'kufewa, ndipo siligwa pang'onopang'ono kuti uthawe. Limangotsika lonse nthawi imodzi. Dothi lodzaza ngolo imodzi likakugwera pamsana uli chogwada sudzukanso, ngakhale anzako ali pomwepo ndi mafosholo. Maenje akuya nawo ali ndi vuto lawo. Amene mumayenda njira ya Harare kupita ku Bulawayo mukukumbukira za ku Battlefields, pafupi ndi Kadoma, mu Febuluwale 2019: mvula inagwa usiku, madzi n'kuthira m'migodi anthu ali pansi, ndipo mitembo yoposa 20 inatulutsidwa. Amenewo anali anthu odziwa ntchitoyo, oigwira tsiku lililonse. Patangotha mwezi umodzi Idai anafika ku Chimanimani, ndipo pa Kopa, pamene mitsinje imakumana, panatsala miyala ikuluikulu pamene panali nyumba za anthu. Kwathu timati napolo. Madzi otha kunyamula golide ndi omwewonso otha kunyamula mwala wonga minibasi.

Pali china chimene achinyamata ambiri sachidziwa, ndipo tikupempha madalaivala akuluakulu muziwauza othandizira anu. M'malire a Zimbabwe ndi Mozambique asilikali a Rhodesia anakwirira mabomba m'zaka za m'ma 1970, ndipo chigawo china cha mabombawo chili pakati pa Mazowe ndi Rwenya, dera lomwelo la Nyamapanda. Ntchito yowachotsa yakhala ikuchitika kwa zaka zambiri, koma mvula yamphamvu imakokolola dothi pamodzi ndi zimene zili m'dothimo, n'kukazisiya m'makwawa kunja kwa malo oikidwa zizindikiro. Kumeneko si kolowa m'tchire ndi khasu chifukwa choti wina wakulozera khwawa.

Za ng'ona sitichulukitsa, mukudziwa kuti madzi akasefukira zimasamuka n'kukapezeka m'maiwe amene kale munalibe. Za matenda nazonso: madzi a chigumula adutsa m'zimbudzi za midzi yonse ya kumtunda, ndipo kolera wa 2022 mpaka 2023 uja anatenga anthu oposa 1,700 kwathu ku Malawi. Likodzo ndiye limabwera mwakachetechete, mudzalizindikira muli ku Harare mukukodza magazi.

Tsopano kwa inu akuluakulu a mathiraki, funso lina n'lakuti thiraki mwaisiyira ndani. Galimoto ili ndi tracker, katundu wa transit ali ndi loko wa kasitomu, ndipo pamene pali mzere wa magalimoto oima pamakhalanso anyamata odziwa kumasula tenti ndi kupopa dizilo. Kapoyinti kamodzi ka golide, ngati mungakapeze n'komwe, sikangalipire batire limodzi lobedwa, osanena za ntchito.

Ambiri a inu, tikudziwa, simukufuna kulowa m'madzi. Mukufuna kugula. Apa ndiye pamene mpamba wa anthu umathera, ndipo nyengo ya madzi osefukira ndi nyengo yokolola ya akathyali, chifukwa nkhani yoti "madzi abwera naye" imawagulitsira yokha. Mayi wina amene timakwera naye basi, munthu wochenjera pa geni, wodziwa kuwerengera ndalama za mayiko atatu pamtima, anasinthanitsa ndalama ya mabelo awiri ndi kabotolo pamene tinaima tsiku lonse kudikira madzi kuti atsike pa kamlatho kena. Wogulitsayo anali ndi matope mpaka m'mawondo, akulira kuti nyumba yagwa, akufuna ya chimanga basi. Atafika nako kwa wosula mphete anauzidwa kuti ndi mkuwa wopala ndi tupa, wosakaniza ndi timchenga kuti uoneke wa mumtsinje. Mayiyo geni inaima miyezi inayi.

Zinthu zonyezimira mumtsinje zilipo zitatu zimene zimanamiza anthu. Choyamba ndi mica, timamba topepuka tonga ta nsomba, timene timadzaza pamchenga madzi akangophwa. Zithunzi zambiri zimene mumatumiza muno ndi zimenezi. Mukatiika m'beseni n'kuzunguza madzi timavina n'kuyandama, mukatikanda ndi chikhadabo timanyenyeka. Golide savina, amakhala phee pansi pa beseni ngakhale mchenga wonse utachoka. Chachiwiri ndi mwala umene a migodi amati pyrite, wooneka ngati timabokosi ta ngodya zakuthwa. Uikeni pa chitsulo muumenye ndi hamala: umasweka n'kukhala ufa wakuda. Golide akamenyedwa amaphwatalala ngati mtovu, ndipo singano imamuboola osamuswa. Njira ina yosavuta: tchingani dzuwa ndi dzanja. Mica ndi pyrite zimazima pamthunzi, golide amakhalabe wachikasu ngati batala. Chachitatu ndi mkuwa uja, ndipo umenewu ndi wovuta chifukwa nawo umaphwatalala ndipo sugwira maginito. Umagwidwa ndi kulemera, chifukwa sufika ngakhale theka la kulemera kwa golide, kapena ndi asidi wa osula mphete. Pamsewu, mvula ikugwa, wogulitsa akukufulumizitsani kuti apolisi akubwera, zimenezi simungaziyeze.

Ngakhale atakhala weniweni, masamu ake si amene mumaona pa foni. Mtengo wa pa intaneti ndi wa ounce imodzi ya golide woyengeka, ndipo ounce ya golide ndi magramu 31.1. Wa mumtsinje sakhala woyera, amakhala ndi siliva ndi zina, ndipo akamusungunula amatsika. Wina amagulitsidwa ali kampira kotuwa kapena konga siponji, kamene anagwiritsa mercury pokaumba. Kameneko kamalemera ndi mercury wotsalira, ndiye mumagula poizoni pa mtengo wa golide. Tikuchondereranso, musawotche zimenezi m'kabini kapena m'nyumba ya lendi mmene mukugona ana. Utsi wa mercury suoneka, koma umawononga ubongo ndi impso, ndipo mayi woyembekezera umamupwetekera mwana. Ife pa kagulu kathu sitimukhudza n'komwe. Timatola ndi kansonga ka nthenga konyowa, chotsala n'kubwezera mumtsinje.

Kenako pali boda. Ku Zimbabwe lamulo la Gold Trade Act limati kupezeka ndi golide wosasula popanda chilolezo ndi mlandu wa zaka zosachepera zisanu m'ndende, pokhapokha khoti litaona zifukwa zapadera, ndipo golide yense amayenera kukathera ku Fidelity. Sakufunsani kuti ndi wochuluka bwanji kapena kuti munangotola. Mu 2024 boma lakumeneko linaletsanso kukumba m'mitsinje. Ku Mozambique kugula ndi kugulitsa golide kumafuna laisensi, ndipo mlendo wopezeka kumalo a garimpo ndi pasipoti ya ulendo wa geni amakhala wadziika yekha m'manja mwa aliyense wovala yunifolomu. Kwathu ku Malawi, kuyambira 2021 Reserve Bank imagula golide kudzera ku Export Development Fund, ndipo kumutulutsa kunja popanda mapepala ndi mlandu. Ife timawoloka maboda awiri kupita, awiri kubwera, mwezi uliwonse. Pasipoti ndiyo khasu lathu. Kuiika pachiswe chifukwa cha kanthu kokwana m'chivindikiro cha cholembera, ife tinaona kuti masamu ake sakutuluka. Kathu kamene timapeza ku Neno timakasiya konko m'manja mwa alamu aja, kamalowa m'kaundula wa gulu lawo, ife n'kulandira yathu ikabwera. Chaka chabwino inakwana mafuta a galimoto ndi mbuzi imodzi imene tinadya tonse pamchenga. Chaka cha mchenga wofika m'chifuwa chija sitinapeze ngakhale ya mchere.

Ena mufunsa kuti nanga timapitiranji. Pali kukoma kwake kumene sitingakufotokoze bwino. Munthu amene moyo wake wonse ndi kukangana ndi makondakitala, kuwerenga ndalama m'chimbudzi cha pa boda ndi kugona pa katundu, akakhala pamwala tsiku lonse mapazi ali m'madzi, foni ilibe netiweki, mutu umapuma. Ndipo pamene mchenga wakuda ukutsetsereka n'kuoneka kadontho kachikasu kali phee pakona ya beseni, ngakhale bambo wa zaka 50 amakuwa ngati mwana. Chigumula chimawonjezera chidwi chimenecho chifukwa chaka chilichonse umapeza mtsinje wina watsopano woti uuwerenge. Timayenda m'mbali mwake tsiku loyamba lonse osakumba, kuyang'ana pamene zinyalala zinakodwa m'mitengo kuti tidziwe pamene madzi analekeza, n'kumayerekeza kuti pamene anali pamenepo ankathamangira kuti, ankafookera kuti. Nthawi zina malo abwino amapezeka kumtunda, kutali ndi pamene madzi akuyenda lero, kuseri kwa mwala umene pa chilimwe umaoneka ngati uli pouma chikhalire.

Ndiye kwa amene mukufunadi kuyesa, dikirani madzi ayere mpaka muziona pansi, magombe aume, ndiye kuti kuyambira Juni kupita m'tsogolo. Pitani kwanu, kapena kumene muli ndi abale, mukayambire kwa amfumu ndi kwa mwini dimba, chifukwa chigumula chikasuntha mtsinje malire a minda nawo amasokonekera ndipo anthu amakhala ndi mkwiyo kale. Lowani pansi pa gulu lokhala ndi chilolezo. Musafukule pansi pa gombe, musagwetse mitengo ya m'mbali mwa madzi, ndipo dzenje lililonse mukwirire musanachoke, chifukwa mbuzi ndi ana a eni mudzi amadutsa pomwepo, ndiponso gombe lofukulidwa ndi limene madzi a chaka chamawa adzayambire kudya.

Ife chaka chino tikupita mu Julayi, tikabwerako ku ulendo woyamba wa mweziwo. M'galimoto muli malo a anthu awiri. Amene akufuna atiuze pansipa, abwere ndi beseni lakuda la pulasitiki, sefa, maginito a sipika yakale, neti ya udzudzu ndi ufa wake. Ya basi yobwerera mutengeretu kunyumba.